Jekete ya Atate

Mundikhululukire polemba izi, sukulu yanga ndi ya kumudzi. Koma dzulo pachigayo cha ku Nsaru ndinamva fungo la girisi wotentha, ndipo ndinakumbukira jekete ya atate.

Atate ankapakira malasha m'sitima ku Bulawayo. Chitaganya chitangoyamba kumene, anabwera patchuthi nthawi yokumba mtedza. Ine ndinawalandira jekete n'kukhala nayo pamiyendo pakhonde. Inali yolemera, yonunkha girisi ndi utsi.

Amalume, eni mbumba yathu, anabwera kudzawalonjera.

"Kodi alamu, kampani ija ikukusungani bwino?"

"Kampani inachoka kale," anatero atate. "Njanji inagulidwa ndi boma."

"Boma liti?"

Atate anayang'ana pansi. "Poyamba la komweko. Pano la Chitaganya."

Amalume anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. "Ife kuno tikuchikana Chitaganya, inu mukuchithirira malasha, eti? Pano ndinu mkamwini, alamu. Tengani khasu mukhale. Mukabwerera ku sitima zanuzo, mlongo wangayu ndimupezera mwamuna wina."

Amayi anasiya kuthothola mtedza.

"Eni sitima sindinawaonepo ine," anatero atate motsitsa mawu. "Ndikasiya ntchito, anawa avala chiyani?"

Kenaka atate anaimirira n'kutambasulira dzanja kwa ine.

"Bwera nayo jekete, mwanawe."

Ndinkafuna kuikumbatira, osaisiya, poti ndinadziwa kuti akaivala abwerera ku Bulawayo. Koma chibadwire ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu. Ndinagwada n'kuipereka ndi manja awiri, monga anatiphunzitsira. Atate anaivala, ndipo pamalaya anga panangotsala fungo lokha.