Mbale ya maliro inayendera galu

Pamdadada wathu ku Ndirande panali mbale imodzi imene aliyense ankaidziwa. Inali yachitsulo, yoyera, ya duwa lofiira pakati, yosendeka m'mphepete. Palibe ankadyeramo. Ntchito yake inali kuyenda khomo ndi khomo kukagwa maliro, kuti anthu aponyemo chipepeso. Inkakhala kwa ine pamwamba pa kabati, chifukwa amayi anzanga anati ine ndilibe manyazi opempha. Sananame. Ndine telala wa pakhonde, ndipo munthu wosokera anthu a ku Ndirande manyazi amamuthera msanga.

Khomo loyandikana ndi langa linali la banja la ku Nsanje. Bambo a m'nyumbamo anali mlonda pa galaja ina ku Chirimba, mpaka pamene sitiroko inawagwetsa n'kuwaumitsa mbali yonse ya kumanja. Mawu nawo anapita. Anatsala ndi dzanja lamanzere ndi galu wofiirira amene ankalondera naye. M'mawa uliwonse akazi awo, asanapite kukagulitsa tomato kumsika, ankawakhazika pampando pakhonde, galu n'kugona pamapazi pawo. Dzanja lamoyo lija linkakhala pamutu pa galuyo tsiku lonse, ine ndikupalasa makina chapafupi. Anzawo a ku galaja anawazonda mwezi woyamba basi. Galu ndiye sanajombepo.

Mvula itayamba, ubweya unayamba kusosoka pamsana pa galuyo. Poyamba tinali timabwalo ngati zipere za ana asukulu. Kenako timabwaloto tinalumikizana, khungu linang'ambika n'kumatuluka madzi onunkha. Mwana wawo wamkulu, kondakitala wa minibasi, anachita zimene aliyense kwathu kuno amachita galu akadwala pakhungu. Anakatenga oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini n'kumupaka thupi lonse. Sindikumunena, nanenso ndinakula ndikuona zomwezo. Koma oyiloyo analowa m'zilonda, galu ankadzinyambita n'kumasanza, ndipo anaonda mpaka nthiti kuonekera.

Alandilodi anabwera atatseka mphuno ndi mpango. Analamula kuti galu amangidwe kuseri kwa chimbudzi, ndipo mwezi ukamatha asaonekenso papuloti, apo ayi banja lonse lisamuke. Ankaopera ana, ndipo pamenepo sindinawatsutse. Koma kuyambira tsiku limenelo bambo aja anakana kutuluka pakhonde. Phala ankalikankha ndi dzanja lomwe lija. Akazi awo anabwera kwa ine maso ali psuu.

"Amayi, mwana akuti akamutaye kumtsinje. Ndinakaonetsa chithunzi cha pafoni kwa adokotala a ziweto m'tauni, akuti angathe kuchira. Koma ndalama zake ife tikazitenga kuti? Ndipo galu akapita, awa m'nyumbamu sadyanso."

Mtima unanditentha. Ndinasiya diresi la eni ake pamakina, ndinakwera pampando n'kutsitsa mbale.

Mayi wa nyumba yoyamba atangoiona anaponya tsache pansi n'kugwira kumutu.

"Mayo! Ndani watisiya?"

"Palibe. Ndikufuna asatisiye."

"Bambo aja afooka?"

"Galu wawo."

Anandiyang'ana ngati ndavula chitenje pamsewu, kenako anaseka chikhakhali n'kuitana anzake. "Tabwerani mudzaone, atelala azungulira mutu! Ndiye kwaya ifika nthawi yanji? Bokosi tigule la saizi iti?"

"Sekani, mano ndi anu," ndinatero. "Koma chibwerere galu ameneyu papuloti pano, ndani anaberedwapo chovala pachingwe?"

Sanaponye kanthu, ndipo nkhani inathamanga kuposa ine. Ndisanafike pakhomo lachitatu ndinakumana ndi amayi apampando a komiti ya maliro, atamanga chitenje m'chiuno ngati akupita kundewu.

"Mbale imeneyo ndi ya akufa," anatero. "Kuyenda nayo popanda maliro ndi malodza. Mukuitanira imfa pamdadada pano."

"Imfa ili kale panjira, amayi. Munthu uja sakudya. Mukufuna aume kaye ndiye tidzamukonde?"

"Bweretsani mbaleyo."

"Mudzaitenge madzulo ndikamaliza."

Ndinawalambalala, ngakhale nanenso malodza ndimawaopa. Koma mkwiyo unali waukulu kuposa mantha.

Woyamba kuponyamo anali achimwene okhoma zidebe ndi mbaula pakona, Msilamu wosaphonya mzikiti, amene galuyo akamayandikira ankakwinya mkanjo n'kudutsira kutali. Anamvetsera nkhani yonse hamala ili m'manja.

"Ine galu sindimukhudza, mukudziwa," anatero. "Koma ululu amaumva ngati ine ndemwe."

Anaponyamo, n'kundibwerekanso wilibala. Ena ataona zimenezo anachita manyazi n'kutsatira. Ena anaponya akung'ung'udza, koma ndalama yoperekedwa mong'ung'udza imagula chimodzimodzi. Mbale sinadzaze. Kondakitala uja anawonjezera zake, ine ndinagulitsa suti ya mkulu wina amene anaisiya kwa ine kalekale osadzaiwombola. Ngati akuifunabe, akafunse galu. Madzulo amayi apampando anabweradi, anatenga mbale osandipatsa moni, ndipo sinabwererenso pakabati panga.

M'mawa mwake palibe minibasi inalola kutinyamula, ngakhale ya kondakitala yemweyo. Tinamugoneka galu mu wilibala, tinamufunditsa thumba, n'kuyamba kutsetsereka kulowera m'tauni, ine ndi mnyamatayo tikulandizana. Anyamata a pasiteji ankakuwa kuti, "Mayi, kanyenya ameneyo mukukawotchera kuti?" Ndinawauza kuti akafunse amayi awo. Si mawu a munthu wopemphera, ndikudziwa.

Adokotala anali mtsikana wocheperapo kwa mwana wanga. Atavundukula thumba anapukusa mutu.

"Wamupaka oyilo ndani?"

Mnyamata anaweramitsa nkhope. Ine ndinati, "Tonse."

Anatiuza kuti ndi matenda a mtundu wa zipere, koma alowa kwambiri, ndipo oyilo wawotcha khungu n'kuwonjezera zilonda. Anameta ubweya wotsala, anamutsuka, anatipatsa mapiritsi ndi sopo wamankhwala. Anati masaka amene ankagonera tiwotche, ana asamugwire, ifenso tizisamba m'manja, ndipo tisasiye mankhwala tikangoona kuti zikusintha.

Kusambitsa galuyo tinkachitira kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la bambo aja. Tsiku lina tikutero tinamva mpando ukukhwekhwerezedwa. Anali iwowo, akudzikoka motsamira khoma mpaka anafika. Anatambasula dzanja kuti tiwapatse kapu, ndipo kuyambira pamenepo othira madzi anali iwo. Madzulo a tsiku limenelo anamaliza phala lonse.

Mwezi utatha alandilodi anabwera monga ananenera. Galu anali adakali wadazi, wosaoneka bwino, koma zilonda zinali zitauma ndipo fungo linali litatha. Ndinaima pakhomo sizasi ili m'manja, pakuti ndinali pantchito.

"Muyang'aneni bwino," ndinatero. "Akachoka ameneyu nanenso ndichoka ndi makina anga, ndipo mayunifomu a ana anu mukasoketse kwina, komwe amakongoza ngati ine."

Anayang'ana galu, anayang'ana bambo aja atakhala pampando wawo, anayang'ananso sizasi. "Amayi inu muli ndi pakamwa," anatero, n'kumapita. Nkhani ya galu sanaitchulenso.

Ubweya unameranso, ngakhale pamsana panatsala chigamba chosamera. Bambo aja anakhala pakhonde nyengo yonse yozizira ndi chilimwe chonse, dzanja lili pamutu pa galu wawo. Mawu sanabwerere, koma ine ndikayimitsa makina ndinkawamva akung'ung'uza nyimbo za kutchalitchi kwawo. Anamwalira mvula yotsatira itangoyamba.

Mbale inayenda, itanyamulidwa ndi mayi wina. Inadzaza dzuwa lisanafike pamutu, anakakhuthula, inadzazanso. Anzawo a ku galaja anatulukira atavala majekete. Mayi uja anaseka chikhakhali ndiye analira kuposa tonse. Amayi apampando anandinong'oneza pasiwa kuti, "Mwaona? Munaitana nokha." Ndinawayankha kuti ngati ndinaitanadi imfa, ndiye inachedwa panjira chaka chathunthu, ndipo mbale itakhala kwa ine ndikhoza kuitananso.

Galu anagona pansi pa mpando wopanda munthu, osalabadira khamu lonselo. Mbale itafika pa ine ndinaponyamo monga mwa mwambo, mtima ukuwawa. Ndalama zonse zimene zinadzaza mbale tsiku limenelo bambo aja sanazione. Zimene anaziona ndi zochepa zija anthu anandiseka nazo.