Jekete la m'nkhungu ya ku Kanyama

Kamera ndinaigula chaka chimene fakitale yathu ya mabulangete inatseka zitseko. Anandigulitsa ndi mnzanga amene anatopa ndi tauni n'kubwerera kumudzi. Masiku amenewo mu Lusaka chilichonse chinali cha pamzere, kaya unga, kaya mafuta ophikira a saladi, kaya sopo. Filimu nayo inkasowa, ndipo ukaipeza unkaisamala ngati mankhwala.

Kuseri kwa komboni yathu ya Kanyama kunali chidzenje chachikulu chimene anthu ankakumbamo miyala. Mvula ikadzazamo, madzi ankakhala mpaka nyengo yotentha. Masana malowo anali onyansa: madzi obiriwira, matayala, mapulasitiki, ndi azimayi oswa miyala atakhala m'mbali, nkhope zili mbuu. Koma mu Juni, dzuwa likatsikira pamalata, nkhungu inkadzuka pamadzipo n'kusakanikirana ndi utsi wa mbaula. Tsidya linkasowa lonse. Madzi ankasanduka ofiira, kenaka otuwa, ndipo sunkaona pamene athera.

Tsiku lina ndinajambula madziwo pongofuna kutsiriza filimu. Wotsuka zithunzi ku Kamwala anachiyang'anitsitsa n'kundifunsa, "Imwe, munayenda liti ku Dar, kunyanja?"

Malonda anga anayambira pa funso limenelo. Anthu amene sanafikepo ngakhale kumtsinje wa Kafue pafupi pompa ankavala bwino n'kubwera kuti ndiwajambule kunyanja ya mchere, atumize kwa abale. Ndinaphunzira kugwada pansi kuti zinyalala zisaoneke, ndi kusapumira pagalasi chifukwa linkachita nthunzi. Kuwala kwabwino kunali kwa kanthawi kochepa. Ukafulumira umajambula dzenje la Kanyama, ukachedwa umajambula mdima.

Madzulo ena kunazizira kwambiri, ndipo sikunabwere munthu. Oswa miyala anali atanyamula kale nyundo zawo. Ndikuika kamera m'chikwama ndinamva mawu pafupi penipeni.

"Ba kamera, nifunako chimodzi."

Anali bambo wamtali, wa jekete lofiirira, wooneka ngati kalaliki wa muofesi. Sindinamuone pobwera. Nsapato zake zinali zonyezimira, zopanda fumbi, chinthu chosatheka kwa munthu amene wadutsa mu Kanyama mwezi umenewo.

"Imani apa, batate, muyang'ane kuno."

"Iyayi. Munikope kumbuyo."

Ndinaseka, ndikuganiza kuti zomujambula kumbuyozo ndi nthabwala. Iye sanaseke. Anapita m'mphepete mwenimweni, madzi akukhudza nsapato, n'kundipatsa msana. Ali choncho, osacheuka, anandiuza kokapereka chithunzicho: nyumba ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa tchalitchi cha Pentekoste, pamene amagulitsa makala.

"Mukapase bakazi banga m'manja."

Ndinagwada. M'galasi ndinaona nkhungu ikumuzungulira m'miyendo, kuwala kofiira kuli pamapewa. Paphewa lamanja panali chigamba chosokedwa ndi ulusi woyera, ndipo ndinaganiza zomuuza kuti apendeke pang'ono chibisike, koma kuwala kunali kutha. Ndinajambula. Nditaweramira kamera kuti ndipukuse filimu, iye anayamba kuyenda motsata madzi. Pansi ponsepo panali timiyala toswedwa, tophokosera ngakhale pakadutsa galu, koma ine sindinamve kalikonse. Ndinamuitana kuti andiuze dzina. Nkhungu inali itamumeza kale.

Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Sabata yotsatira ndinachitenga n'kukafunafuna nyumba ija. Ndinapeza mayi wochepa thupi akuthira makala m'timapulasitiki, mwana ali kumsana.

"Bamayo, bamuna banu bananituma ichi."

Anapukuta manja pachitenje, n'kuchigwira m'mbali. Anachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka mwana anayamba kulira, koma iye sanamugwedeze n'komwe.

"Munakopa liti?"

"Sabata yatha iyi."

"Bamuna banga banachoka pano mvula ikalibe kusila."

Anandiuza nkhaniyo maso ali pachithunzi. Mwamunayo ntchito inatha, koma sananene kunyumba. Ankadzuka m'mawa, kupukuta nsapato, kunyamuka ngati kale. Mkaziyo anamva kwa anthu ena, ndipo tsiku lina anamufunsa. Kutacha bamboyo anatuluka, osabweranso. Anamufuna kupolisi, kuchipatala, kumotchale, ngakhale kwa abale ku Mandevu.

Ine ndinasangalala. "Ndiye kuti bali moyo, bamayo! Bali pafupi, ni nsoni chabe."

Analowa m'nyumba, ndipo ndinamva akukoka sutukesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi jekete lofiirira, lonunkha mankhwala a njenjete, n'kulitambasula pamaso panga. Paphewa lamanja panali chigamba cha ulusi woyera.

"Ninasoka neka ichi. Banayenda na shati chabe."

Ndinayamba kunena kuti majekete a salaula, a pakaunjika aja, amafanana. Ndinaika chithunzi pambali pa jeketelo. Ulusiwo unakhota malo amodzimodzi.

Madzulo omwewo anandipempha kuti ndikamuonetse malowo. Anasiya mwana kwa aneba, natenga mayi wina wa kutchalitchi kwawo. Tinafika nkhungu itadzuka kale. Ndinaloza pamene bamboyo anaima. Mayi wa kutchalitchi anayamba kupemphera mokweza, koma mkaziyo anamugwira dzanja kuti akhale chete. Anapita m'mphepete, naitana, osati mofuula, koma ngati mmene umaitanira munthu amene ali kuchipinda.

"Batate bake mwana. Bwelani kunyumba. Palibe mlandu."

Tinadikira. Achule, amene ankalira chilirire, anasiya onse pamodzi. Ndiyeno chakutsogolo, kumene kunayenera kukhala madzi okhaokha, munthu anatsokomola. Kamodzi kokha, chifuwa chouma cha mwamuna. Mwina anali wodutsa tsidya lina, poti mawu amayenda patali pamadzi. Ndinadziuza choncho nthawi yomweyo. Koma mkaziyo anagwada pamiyala yakuthwa ija, ndipo tinachita kumunyamula.

Nyengo yotentha itafika, dzenjelo linauma mpaka pansi. Abale a bamboyo anabwera ndi makasu n'kufukula matope tsiku lonse, ine ndikuonerera pamodzi ndi komboni yonse. Anapeza migolo, mafupa a galu, chitseko cha galimoto. Munthu sanamupeze.

Ndinapitiriza kujambula kumeneko zaka zina, chifukwa ana ankafuna kudya. Koma ndinkapita pokhapokha makasitomala atabwera kudzanditenga kunyumba, awiri kapena atatu, ndipo ndinkachokako kusanachite chisisira.

Mayi uja anasamukira ku Matero kwa mkulu wake. Tsiku losamuka anaima pakhomo panga, katundu ali pawilibala. Ndinaganiza kuti akufuna chithunzi china, popeza negativu ndinali nayo. Koma anangofunsa ngati amuna ake, madzulo aja, ankaoneka ngati munthu amene wadya.

Ndinakumbukira mapewa aja, ndi khosi lake. Ndinamuuza kuti sankaoneka wanjala. Anagwedeza mutu, namanga chitenje chake bwino, n'kuuza wa wilibala kuti azipita.