Thumba Limene Achimwene Anagulitsa Amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi ananditumiza ku Hartley, tauni yomwe lero mumati Chegutu, kuti ndizikaphikira ndi kuchapira achimwene anga aLaisoni. Inali nthawi ya Chitaganya. Ife tinkakhala ku Rimuka, ku Gatooma, m'kachipinda kamene tinapeza bambo atachotsedwa ntchito kumgodi chifukwa cha chifuwa. Chifuwa chomwecho ndicho chinawatenga. Bambo anachokera ku Dedza akadali mnyamata, koma ife ana tinabadwira konkuno, ndipo anzathu achishona ankatitcha mabwidi, dzina lonyoza anthu obwera, tikakangana pampopi.

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 3, osati chifukwa cha umbuli ayi, mutu ndinali nawo. Kungoti achimwene anapeza malo kusukulu ya zamalonda ku Sozibele, ya zaka ziwiri, ndipo nyumba yathu sikanatha kuphunzitsa ana awiri. Anthu akwathu a m'bungwe la maliro anasonkhako, amayi anagulitsa makina awo osokera, ine ndinapereka sukulu yanga. Pangano linali lomveka bwino: aLaisoni akangokhazikika pantchito, ine Esinati ndibwerera m'kalasi chaka chikayamba. Tsiku silinkadutsa osaliganizira panganolo.

Achimwene anabwerako ndi satifiketi ya m'galasi, tayi, ndi kayendedwe katsopano. Madzulo tikadya ankandikhazika pansi n'kumandiphunzitsa zimene anaphunzira, poti analibe wina woti awamvetsere. Anandijambulira mabatani a taipi pakatoni, ine n'kumagogoda katoniyo ndi zala zonse mpaka kubowoka. Anandionetsa mmene kalata ya ntchito imayambira, mmene munthu amayankhira lamya, mmene amayalira katundu pashelefu. Sindinama, zinkandikoma zedi. Panalinso malamulo amene ankawanena ngati mlaliki. Katundu woyamba kulowa ndiye ayambe kutuluka. Chotayidwa ndi phindu lotayika. Wogula umamumwetulira ngakhale dzino likuwawa. Ndipo woyamba kumene ntchito azionetsa bwana kuti amaganizira sitolo kuposa mimba yake.

Koma ntchito imene anapeza sinkafanana ndi tayi yawoyo. Inali sitolo yaikulu ya mzungu wina amene antchito ankamutcha Kaliwo, chifukwa kaliwo wa fodya sankachoka pakamwa pake. Taipi inalipo mu ofesi, koma ankaigwira dona. Achimwene anapatsidwa jasi ya khaki, tsache la m'mawa, ndi windo la kumbali. Ana a lero simungazidziwe izi. Munthu wakuda sankalowera pakhomo la kutsogolo. Ankaima panja padzuwa, pakawindo koyang'ana kukhwalala la kuseri, n'kumatchula chimene akufuna. Achimwene zinkawadya mumtima, ndinkaona. Akamadutsa pakhomo la ofesi, khosi linkatembenukira kutebulo la mkatimo.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera ndi mphamvu, ndipo denga la mosungira katundu linadontha pakona. Mzere wonse wa matumba a mgaiwa unanyowa. Anthu sanaone msanga, makoswe ndiwo anaona. Pamene ankazindikira, Kaliwo anati ufawo aupereke kwa mlimi wina woweta nkhumba. Tsiku limenelo achimwene anafika kunyumba akuimba mluzu.

"Lero bwana wadziwa kuti ndinapita kusukulu," anatero akuvula nsapato. "Ndamuuza kuti ufa uja suyenera kupita kunkhumba. Tiusefa, tiusakaniza ndi wabwino, pamwamba tithira watsopano, tiutulutsira pawindo. Wandigwira paphewa, akuti mushi, ndiye kuti ndachita bwino."

"Nanga wosefayo ndani, achimwene?"

"Iwe. Ntchito yako yoyamba imeneyo. Uzithokoza."

Abale, pali fungo limene munthu amapita nalo kumanda. Titatsegula thumba loyamba, ndinathawira panja kukasanza. Ufawo unali utagwirana mabuluma otuwa, ena obiriwira ndi chuku, otentha mkati ngati mulu wa manyowa. Unkanunkha mkodzo wa makoswe. Ndinkaphwanya mabulumawo ndi manja pasaka, n'kusefa, ndipo pasefa pankatsala tudzi ta makoswe, mphutsi zoyera zikuphiriphitha, ndi ubweya. M'thumba lina ndinapeza chisa chathunthu, tiana ta khoswe tofiira titafera momwemo. Asa! Ndinati ndilitaye thumba lonselo, koma achimwene anangochotsa chisacho ndi fosholo n'kunena kuti zotsalazo zilibe vuto, moto umapha zonse. Ndinasefa, ndinasakaniza, ndinathira woyera pamwamba, ndinasoka pakamwa pa matumbawo ndi singano yaikulu. Kunyumba ndinkasamba m'manja ndi sopo wochapira mpaka khungu kuwawa, koma sadza, nsima ya kunoko, ndinkalephera kumeza.

Anthu ankagula. Alimi a thonje, amayi a kumapulazi, amuna a kumigodi ing'onoing'ono obwera panjinga. Wogula wochenjera ankati amutsegulire thumba, n'kupisa dzanja, kununkhiza, kulawa pang'ono. Koma dzanja linkangofika pa ufa woyera wa pamwamba uja, ndipo achimwene ankamwetulira monga anawaphunzitsira. Ine ndinkadziuza kuti sindikuwadziwa anthuwo, ndiponso kuti Januwale sali kutali.

Tsono mwezi umenewo bambo anali atatha chaka m'manda, ndipo amayi ankakonza chikumbutso chawo, chomwe anzathu achisilamu amati sadaka. Pankafunika thobwa ndi sadza ya khamu lonse la anthu akwathu. Ku Gatooma masitolo analipo ambiri, a amwenye ndi ena, ufa uli mbwee. Koma ife anthu obwera tili ndi khalidwe lathu. Mwana wakwathu akakhala pamalo, timalumpha masitolo khumi kuti tikagule kwa iye, chifukwa kudziko la eni mbale wako ndiye mudzi wako. Choncho Lachinayi lina ndili mosungira katundu ndinamva mawu amene ndinkawadziwa pawindo. Anali amayi, atavala mpango wawo wa kutchalitchi, ali ndi Abiti Juma, mnansi wathu wachiyao amene ankatsogolera zophika pamaliro aliwonse ku Rimuka. Anakwera basi dala kudzagula thumba la chikumbutso kwa mwana wawo wophunzira.

Achimwene analowa kudzatenga thumba. Kaliwo anali ataima pakhomo la ofesi, utsi ukutuluka m'mphuno, akuyang'ana. Kudzanja lamanja kunali matumba atsopano, kumanzere kunali anga osefa aja. Achimwene anapita kumanzere.

Ndinawagwira jasi. "Achimwene, ndi amayi amenewo!"

"Ndawaona. Ndisiye."

"Ndi cha bambo chimenechi. Tengani latsopano, chonde."

"Bwana akuona," ananong'ona mano ali gwa. "Ndikatenga latsopano andifunsa chifukwa. Ndiye ndimuuze chiyani? Kuti amayi anga sangadye zimene ndimagulitsa anthu ena? Woyamba kulowa ayambe kutuluka, basi." Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Ndipo iwe ukatsegula pakamwa pakopo, za sukulu uiwale."

Thumbalo litatuluka panja, Abiti Juma anakwinya malaya m'mikono monga mwa chizolowezi chawo. "Tamasulani pakamwapo, baba, ndipiseko dzanja."

Amayi anawagwira mkono. "Iai, Abiti. Mwana wanga ndimufufuze ngati wakuba, pamaso pa mzungu wake? Chibale ndi fupa, sichiola. Chimene wapereka Laisoni ndi chabwino."

Achimwene anamwetulira, kumwetulira komwe kuja kwa anthu onse.

Ndinakwera nawo basi yomweyo kuti ndikathandize ntchito, achimwene anati abwera Loweruka. Njira yonse thumbalo linali padenga la basi, pamwamba pa mutu wanga, ndipo amayi ankangosimbira Abiti Juma mmene jasi ya khaki ikumukhalira mwana wawo. Ine ndinkadziuza kuti ndikhale chete, moto umaphadi zonse, palibe adzafe. Ndinkaona yunifolomu, sileti, benchi la Sitandade 4. Kenaka ndinkaona nkhalamba zimene zinanyamula bokosi la bambo zikumwa thobwa la ufa umenewo, zikutchula dzina lawo.

M'mawa mwake azimayi anasonkhana pabwalo pathu ndi migolo, mithiko ndi nkhuni. Abiti Juma anadula ulusi wa thumbalo, ulusi womwe ndinasoka ine ndi manja anga. Ufa wa pamwamba unali woyera, azimayi n'kuyamikira. Atatenga beseni kuti ayambe kutapa, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Musaphike umenewo. Pansipo ndi woola. Munali makoswe. Ndinasefa ndine."

Abiti Juma anandiyang'ana, kenaka anapisa mkono wonse m'thumbamo mpaka paphewa. Atautulutsa, m'dzanja mwawo munali ufa wotuwa. Ananunkhiza, nkhope n'kukwinyika, analavulira kumbali. Fungo lija linafika kwa aliyense.

Ndinkayembekeza kuti amayi alira, kapena atukwana achimwene. Iwo anaimirira, anakonza mpango wawo, nati ndi mawu osanjenjemera: "Thumbali lanyowera m'nyumba mwanga muno. Denga langa ndilo lodontha. Laisoni anandipatsa ufa wabwino." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, kamwana kansanje, ukuipitsa dzina la mlongo wako chifukwa anaphunzira iye? Choka pamaso panga!"

Usiku wathawo mvula sinagwe, ndipo ufa suola tsiku limodzi. Panalibe mayi ndi mmodzi yemwe pabwalopo amene sankadziwa zimenezo. Koma palibe anatsutsa. Abiti Juma anapukuta mkono wawo pachitenje n'kunena kuti madenga a ku Rimuka ndi otero, onse amadontha. Azimayi anabalalika mmodzimmodzi, ndipo posakhalitsa anayamba kubwerera, uyu ndi mbale ya ufa, uyu ndi kabeseni, wina ndi kachitini chabe. Anthu osauka, ena amasiye ngati amayi, akutapa m'zakudya za ana awo. Thobwa linaphikidwa.

Loweruka achimwene anafika atavala tayi. Anawapatsa mpando pakati pa akuluakulu, ndipo mkulu wa bungwe la maliro anaimirira n'kunena kuti malemu asiya mwana amene wapukuta misozi ya mtundu wonse. Achimwene anayankha ndi mawu okoma, osakaniza ndi Chizungu. Anadya sadza ya anansi athu, anamwa thobwa lawo, anapempha lina. Ine ndinali kuwathirira madzi osamba m'manja, ndipo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Wina anali atawauza kale zimene ndinanena.

Thumba lija amayi sanalitaye. Alendo atapita analikokera kuseri kwa chitseko, nati chimene mwana wawo anawagulitsa sichingapite kudzala anthu akuona. Tinalidya ife awiri mpaka kutha. Amayi ankaphika atatseka chitseko kuti fungo lisatuluke, ankadya osakwinya nkhope, ine ndikumeza ndi madzi, misozi ili m'maso. M'mimba munkatipweteka tonse, koma nkhani ya ufawo sinatchulidwenso m'nyumbamo.

Ku Hartley sindinaitanidwenso. Tinamva kuti achimwene achoka pawindo, apatsidwa katebulo pakona ya ofesi. Januwale atafika, anzanga akudutsa ndi mayunifolomu, ndinalimba mtima kufunsa amayi ngati aLaisoni atumiza mawu aliwonse okhudza sukulu yanga. Amayi anali kusankha nyemba. Sanadzutse mutu.

"Unalankhula, mwana wanga," anatero. "Unkati zitha bwanji?"

Chaka chimenecho ndinayamba kulera ana kunyumba ya azungu, ndipo m'kalasi sindinalowenso.

Lero ndakalamba, ndipo sukulu za zamalonda zija zachuluka. Sindizinyoza ayi. Zimene achimwene anandiphunzitsa pakatoni zinali zoona, ndipo zina ndinazigwiritsa ntchito zaka zonse zimene ndinagulitsa pamsika wa ku Rimuka. Koma ndazindikira chimene zaka ziwiri zija sizinawauze. Anawaphunzitsa kuti sitolo isamataye kanthu, osawauza kuti chowola sichisowa, chimangosamukira m'mimba mwa munthu wina, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene amakukhulupirira kwambiri moti sangapise dzanja m'thumba lako. Amayi ndinawakhululukira kalekale. Anali atagulitsa zonse kuti akhale ndi mwana mmodzi wolemekezeka kudziko la eni, ndipo sakanatha kumutayanso. Achimwene ndiwo andikanika. Anamwalira ali munthu wamkulu, ndipo pamaliro awo wolankhula aliyense ankati tataya munthu wokhulupirika. Atandipempha kuti ndinenepo mawu monga mlongo wawo, ndinakana. Zanga ndinanena kale ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo zinandidyera sukulu.