Mpunga Umene a Thongphun Anatafunira Mdzukulu

Alamu anga a Thongphun ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zinayi. Munda wawo ndi waung'ono, sukulu sanapite nayo patali. Chimene ankadziwika nacho m'mudzi mwathu muno ndi atambala omenyana. Tambala akavulala m'bwalo, anthu ankaitana iwowa. Ankamupukuta ndi kansalu kofunda, kumupisa nthenga kummero, kenako n'kuika mutu wake m'kamwa mwawo, kuyamwa magazi ndi makhololo, n'kulavula. Tambala woti wafooka ankadzukanso. Anachita zimenezi zaka makumi anayi osagonapo m'chipatala, ndipo ankadzitama nazo.

Mwana wawo wamkazi Lamyai amagwira ntchito kufakitale mumzinda wa Chonburi. Monga amachitira ambiri, anasiya khanda lake, Namfon, kwa makolo. Mlongo wanga Buaphan, mkazi wa alamuwo, ndiye ankalidyetsa: kutafuna mpunga womata mpaka ufewe, n'kulipatsa ndi chala. Tonse tinakula choncho. Masana mwanayo ankagona pansalu yolendewera kunsi kwa nyumba, pakati pa nsanamira zazitali zimene nyumbayo inakhalapo, pomwe palinso madengu a atambala ndi nkhuku zongoyendayenda.

Tsiku lina Buaphan anapita kumaliro. Ine ndi alamu tinatsala tikuyesa atambala awiri pabwalo. Wawo anang'ambika pamwamba pa diso, atagubuduzika pazitosi. Anamuyamwa monga mwa masiku onse. Pomwepo mwana anayamba kulira.

"Alamu, akazi anu aang'ono akuitana," ndinatero.

"Ameneyu ndiye bwana wa pano. Iwe Namfon, ukulira ngati sunadye chaka chino!"

Anapukuta manja m'kabudula, kutapa mpunga m'kadengu, kutafuna, n'kumudyetsa. Ndinaona. Ndinaseka, n'kunena kuti mtsikana ameneyu adzakula wolusa ngati tambala.

Patapita masiku atatu mwana anatentha thupi n'kuyamba kutsegula m'mimba, mwamagazi. Tinati ndi mano, tinamupatsa madzi a mpunga. Tsiku lachisanu maso analowa m'kati, kulira kulibe misozi. Tinathamangira kuchipatala cha boma, ndipo Lamyai anafika mawa lake, mwana ali padiripi.

Dokotala anali mtsikana woti ndingamubereke. Anati apeza mabakiteriya amene amakhala m'matumbo a nkhuku, ngakhale nkhuku yooneka yathanzi. Amatuluka ndi zitosi, n'kukhala panthenga, padothi, m'manja. Wamkulu atha kupirira, khanda ayi. Kenako anafunsa amene amadyetsa mwanayo.

"Ndine," anatero Buaphan. "Koma ndimasamba m'manja ndi sopo."

Lamyai anawatembenukira. "Amayi, sindinakuuzeni kuti zotafunirazo muzisiye? Ndinakugulirani phala la m'chitini. Lili kuti?"

Mlongo wanga anangolira. Alamu anali chiimire pakhomo, chipewa m'manja. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Amuna awiri a imvi tinasiya mayi akunyozedwa pamaso pa anthu odzaza chipinda.

Alamu anaulula okha madzulo a tsiku lomwelo, pakhonde la chipatala.

"Lamyai, amayi ako alibe mlandu. Ndinamudyetsa ndine, nditangochoka kuyamwa tambala."

"Kuyamwa chiyani?"

Alamu analoza pakamwa pawo.

"Ababa, pakamwa pomwepo? Osachukucha n'komwe?" Kenako anafunsa ine. "Nanga inu amalume munali kuti?"

"Ndinalipo."

"Ndiye munatani?"

"Ndinaseka."

Dokotala anati sangatsimikize kuti ndi tsiku limenelo, popeza mwana wokwawa pazitosi angazitenge tsiku lililonse. Mawuwo sanatipepuze. Zitosizo zinalinso zathu.

Namfon anachira patatha masiku asanu ndi anayi. A Thongphun anagawa atambala onse, nkhuku zotsala anazimangira khola kuseri kwa nkhokwe, kunsi kwa nyumba anathira simenti. Anamaliza zonsezi mwana asanatuluke m'chipatala, kuti Lamyai adzaone.

Lamyai anabwera, anaona, anati zili bwino. Kenako analongedza zovala za mwana n'kukamusiya kwa apongozi ake, maboma awiri kuchokera kuno. Buaphan, amene sanalakwe chilichonse, anakhala mwezi wathunthu osalankhula ndi mwamuna wake. Ine, mlongo wangayo sandilankhula mpaka lero.