Chingwe chimene ndinalanda a Chikaonda

Lachinayi. Ndadzuka mtima ukuwawabe ngati dzulo. Ndilembe zonse, mwina upepuka.

Ntchitoyi ndinaipeza kudzera mwa madamu amene ankatiphunzitsa kompyuta kusekondale. Nditalemba mayeso a Fomu 4, anandiuza kuti bungwe lina labweretsa matabuleti pasukulu ya pulayimale kwathu kwa Nthache, ndipo likufuna munthu wothandiza aphunzitsi. Ndinapalasa njinga mpaka paboma, abungwewo anandiyesa, n'kundilemba ntchito.

M'mawa ndimatsegula bokosi lachitsulo muofesi ya ahedi, ndimasankha matabuleti amene adzaza moto wa sola, ndimapukuta magalasi ake, kenako ndimalumikiza tabuleti ya mphunzitsi ku pulojekita. Aphunzitsi achinyamata anazolowera msanga. Amene ankavutika ndi a Chikaonda, omwe anandiphunzitsa ineyo kuwerenga mu Sitandade 2. Amadina mwamphamvu ngati akulemba ndi choko, ndiye zithunzi zimathawa. Koma ankayesetsa. Ankati, "Bwerezanso pang'onopang'ono mwana wanga, maso awa ndi akale."

Lolemba kunabwera alendo a kubungwe kudzaonera phunziro. Ahedi anasankha kalasi ya a Chikaonda, nati a Chikaondawo alumikize okha tabuleti ku pulojekita kuti alendo aone kuti aphunzitsi adziwa. Pakhoma panangooneka buluu. A Chikaonda anazula chingwe, n'kuchibwezera pabowo lolakwika lomwelo, thukuta lili kamukamu. Sindinaganize. Ndinadutsa pakati pa ana, ndinawalanda chingwecho m'manja, n'kunena mokweza kuti, "Ayi sala, si pamenepo." Nditachilowetsa pabowo loyenera, phunziro linaoneka pakhoma. Ana anaseka, ndipo mtsikana wina kutsogolo anati, "Asala akuphunzitsidwa ndi Tadala." Alendo anandiyamikira, nalemba m'makope mwawo.

A Chikaonda anamaliza phunzirolo ndi choko, ndipo sanagwirenso tabuleti. Dzulo nditawapititsira, anayankha osandiyang'ana: "Zikomo madamu, kapatseni odziwa."

Kenako ahedi anandiitana. "Tadala, munthu wamkulu sumulanda chinthu ana akuona. Akapanda kubwerera ku tabuleti pofika Lolemba, kalasi yawo ndiichotsa pandandanda wa matabuleti, ndipo ndilembera abungwe kuti sukugwirizana ndi aphunzitsi."

Chikundiwawa n'chakuti ahedi omwewo ndi amene anandiuza m'mawa wa Lolembalo kuti alendo asaone cholakwika chilichonse. Paboma anatiphunzitsa zingwe zonse ndi mabowo ake, koma palibe anatiuza chochita mphunzitsi akasokonezeka ana ali pomwepo. Ndadziwa ndekha, mochedwa. Ndikanapita chowerama ngati ndikusuntha tebulo, n'kusintha chingwecho osayankhula, ana akanaganiza kuti akonza ndi a Chikaonda.

Mawa ndilawirira ana asanafike. Ndikamata tepi yofiira pachingwe ndi pabowo lake loyenera, ndikagwada pakhomo la kalasi ya a Chikaonda n'kupepesa. Akandibweza, ndikasiya pulojekita patebulo pawo n'kutuluka, kuti ayese okha popanda wowaona.