Njinga ya Alamu Kuseri kwa Kanyumba

Alamu anga, amuna awo a achemwali, atha zaka khumi ndi zisanu pa siteshoni yoyeza mafunde ochokera kudzuwa. Ntchito yawo ndi kutchetcha udzu ndi kusesa, koma kunyumba amafuna tiziwatchula kuti a Sayansi. Ukangowapatsa mpando, wadziputa wekha. Amayamba kukuuza kuti dzuwa limalavula mpweya wamoto, mpweyawo umabwera ngati mafunde, ndipo ukagwedeza maginito a dziko lapansi mawailesi a ndege amasokonekera, magetsi n'kuzima. N'zoona ndithu, koma anazimvera pawindo, tsache lili m'manja.

Lamulo lalikulu pamalopo ngakhale mwana akhoza kulisunga. Kanyumba kamatabwa kokhala makina sikafuna chitsulo pafupi, chifukwa makinawo amamva chitsulo monga momwe amamvera dzuwa. Ngakhale makiyi umasiya pageti.

Ndiye a Sayansi anagula njinga yamoto. Poopa kuti anzawo aikanda kapena azipempha kukwera, ankaibisa kuseri kwa kanyumbako n'kuifunditsa lona.

Chaka chomwecho kunabwera mayi wina amene anasiya ntchito yauphunzitsi kuti apeze digiri pofufuza mafundewo. Ayunivesite anamupatsa chaka chimodzi chokha. Mayiyo anaona kuti m'mawa uliwonse mzere wa pakompyuta ukudumpha, madzulo n'kubwerera. Anasangalala, nalemba miyezi isanu ndi iwiri osapuma. Alamu ankaima kumbuyo kwake, manja m'thumba, akugwedeza mutu ngati akumva.

Kenako mayiyo anadabwa kuti dzuwa lakelo limapuma Lamulungu, ndipo linapumanso sabata imene alamu anagona ndi malungo. Anazungulira kanyumbako, navundukula lona.

"Bambo, njingayi yakhala ikuima pano kuyambira liti?"

"Musade nkhawa, mayi," anatero alamu. "Injini ndimazimitsa."

Ndikakumbukira yankho limenelo ndimachita manyazi kuti munthu ameneyu timadya naye mbale imodzi. Zonse zimene mayiyo analemba zinatayidwa, nthawi yoyambiranso panalibe. Alamu anangokalipiridwa, mawa lake anali pantchito.

Tsiku lomwe mayiyo ankachoka, alamu analiza njinga ija nati amuperekeze kokwerera basi. Iye anasenza sutikesi yake, nayenda wapansi.

Alamu anatifotokozera okha zimenezi tikudya, akupukusa mutu, nati vuto la anthu ophunzira ndi kunyada.