Chiswidishi Chokanira

Uthenga unandipeza ndikugulitsa tomato pakhomo panga ku Chinengundu, dzuwa lili paliwombo. Foni inalira m'thumba la epuloni, ndipo mawu a mdzukulu wanga Takondwa anatuluka: wakhoza mayeso a Chiswidishi, akupita ku Swideni kukagwira unamwino. Ndinaimba nthungululu, tomato n'kumwazika, ine osatola. Wakhoza mwana wa mwana wanga, wakhoza mdzukulu wa anthu a m'komboni! Koma nditakhala pansi kuti ndipume, mtima unabwerera ku Battlefields, kumgodi kumene ndinakulira, ndipo mkwiyo wakale unadzuka ngati sunagonepo.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana kosatha msinkhu. Atate ankalowa pansi pa mgodi wa golide, ndipo anandichotsa sukulu kuti ndikalere mwana wa mzungu woyang'anira mgodiwo. Azakhali anga a Nabanda, amene ankachapa kunyumbako, anandiphunzitsa Chilapalapa, chilankhulo cha pamgodi, tili m'njira popita. Buya lapa, bwera kuno. Hamba, choka. Checha, fulumira. Titafika pageti anati ndatha maphunziro, zotsalazo n'kungovomera. Ine ndinanyada, ndinati ndadziwa chizungu tsiku limodzi.

Tsiku lina dona, mkazi wa mzunguyo, ankasita yekha diresi lake pakhonde, pakuti ankati manja athu amawononga nsalu zake. Alendo atafika anaika simbi ya makala pansi, nandituma kukhitchini kukatenga tiyi. Ndili komweko ndinamva kukuwa. Mwana anali atakwawa n'kugwira simbi ija. Mpaka lero fungo la polishi wofiira wa pakhonde likandipeza, ndimamvanso kulira kuja.

Dona anandiloza chala pamaso pa alendo ake. Zoona zake ndinali nazo, zonse, zodzaza m'kamwa: kuti simbi anasiya ndi iyeyo, kuti anandituma ndi iyeyo. Koma zinali m'Chichewa, ndipo pakhonde paja Chichewa chinali ngati kulira kwa nkhuku. Ndinafufuza m'mawu a azakhali aja. Bwera, choka, fulumira. Mawu akuti aikona, ayi, analipo ndithu, koma ankangotsika kuchokera kumwamba, sankakwera. Ndipo ngakhale ndikanawanena, pambuyo pake ndikanalongosola ndi chiyani?

Anaitanitsa atate kumgodi. Atate anabwera ndi fumbi lawo, chipewa m'manja. Anamvetsera, navomera, navomeranso. Kenako anavula lamba n'kundikwapula pomwepo, azungu akumwa tiyi amene ndinabweretsa ine. Akanapanda kutero, ntchito ndi nyumba ya m'komboni zikanapita tsiku lomwelo. Pobwerera ndinawauza zonse ndikulira. Iwo anati: "Ndikudziwa, mwananga. Anthu awa anatipatsa mawu omvera okhaokha. Okanira anasunga okha."

Atate ndinawakhululukira kalekale, agone mumtendere. Chilankhulo chija sindinachikhululukire.

Ndiye chaka chathachi Takondwa anabwera kuchokera ku Kadoma, kumene amagwira ntchito pachipatala, nkhope ikuwala. Anati ku Swideni akufuna anamwino, koma uyambe wadziwa chilankhulo chawo, ndipo masiku ano munthu amadziphunzitsa yekha pafoni. Maphunziro anali awiri. Ena ankagulitsa bambo wina wa ku Kadoma komweko wovala tayi, akuti Chiswidishi cha pantchito, milungu yochepa basi, n'kupita kukasamala okalamba. Enawo anali aatali, owerenga, olemba, oyankhulana ndi mphunzitsi, ndi mayeso kumapeto. Iye anali atasankha kale achanguwo, chifukwa mnzake Rudo anatenga omwewo.

Ndinamuuza kuti ayatse ndimve. Foni inayamba kuyankhula ngati munthu woimba ali ndi mbatata yotentha m'kamwa, ine n'kuseka mpaka misozi. Takondwa ankamasulira. Inde. Ndikubwera. Pepani. Ndatsuka kale. Ndipukute pati? Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Ndinamva azakhali a Nabanda akuyankhula m'foni ya mdzukulu wanga.

"Ifunse," ndinatero. "Akuti bwanji, si ine, mukunama, ndipo zinayenda chonchi?"

Anafufuza, chala chikukwera chikutsika. Munalibe.

"Gogo, hamuzivi zvinhu izvi," anandiyankha m'Chishona, monga amachitira ana a masiku ano, kuti ine sindizidziwa zinthu zimenezi.

Sindizidziwa? Ine? Foni sindiidziwa, dzina langa ndimalemba ngati nkhuku yapalasa, koma Chilapalapa ndimachidziwa ngakhale chitavala jasi la kozizira. Ndinamuuza za simbi ija, nkhani imene ngakhale mayi ake sanaimvepo. Ndinamuuza kuti kumeneko tsiku lina wokalamba adzagwa, mankhwala adzasowa, ndipo chala chidzafuna wakuda amene ali pafupi. Adzaitana atate ake ati? Ndinati wogulitsa maphunziro ofulumirayo sakufuna kuti iye ayankhule, akufuna kuti amve.

Takondwa anachoka atakwiya, sadza, nsima yakuno, osadya, minibasi ya kombi n'kukwera osatsanzika. Rudo ananyamuka miyezi yomweyo, zithunzi za chipale chofewa zikubwera pafoni, Takondwa akadali ku Kadoma ndi mabuku a maphunziro aatali aja. Anakhala nthawi osandiimbira. Zinandipweteka, koma sindinabweze mawu anga. Kenako Lamlungu lina anatulukira, nakhala pampando wanga, n'kuyamba kukangana ndi mphunzitsi wake pafoni, m'Chiswidishi, mawu akukwera, dzanja likumenya patebulo. Sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinatuluka panja kukavina.

Lero ndakalamba, ndipo chimene ndikudziwa n'chakuti chilankhulo chimene sungathe kudzitetezera nacho si chako, n'cha amene akukutuma. Mdzukulu wanga akupita ndi pakamwa pathunthu. Akamuloza chala, adzayankha, adzayankhira ndi kamtsikana ka pakhonde kaja.

Madzulo a uthengawo pakhomo panadzaza. Anabwera a Nankhoma ndi ndodo yawo, anabwera a Phiri a ku Mubaira atakwera kombi ndi nkhuku m'khwapa, anabwera Mai Tendai a nyumba yoyandikana, a Asiyatu ochokera kumzikiti, a Nasibeko a kwaya yathu, Joyisi mayi wa Takondwa, a Mwale amene analowa mgodi umodzi ndi mlongo wanga, ngakhalenso amayi ake a Rudo anabwera, navina kuposa tonse.